Anagwada Kamodzi Kokha

1

Mwamuna wanga anatsika basi pa Uliwa atanyamula mphatso ya munthu amene anali atagona m'manda miyezi isanu ndi umodzi. Iye sankadziwa. Ine ndinkadziwa, chifukwa pa malirowo ndinaphika nawo, ndipo amene anamubisira ndine.

Dzina langa ndine Eliness. Ndimaphunzitsa sitandade sikisi pa sukulu ina ya pulayimale ku Chilumba. Amene amandidziwa angakuuzeni kuti ndine munthu wokonza zinthu. Ukwati wa mnzanga ukasokonekera amaitana ine, komiti ya kutchalitchi ikakangana amaitana ine. Vuto la munthu wotere ndi lakuti amafika poganiza kuti ngakhale imfa angaikonze.

Tsikulo linali Lachiwiri, mu July. Ambokile anatsika atanenepa pang'ono, atavala magalasi amene sindinkawadziwa. Analandira chikwama chake kwa kondakitala ndi manja awiri, n'kumuweramira. Anyamata a kabaza anafa nalo phwete.

"Bwana, kuno ndi ku Karonga, sitiweramirana ndi makondakitala!"

Ambokile anaseka nawo, kenako anandikumbatira pamaso pa anthu onse, chinthu chimene sankachita kale. Asanandifunse n'komwe za kunyumba anatsegula chikwama pamsewu pomwepo, n'kutulutsa jekete lofewa la maluwamaluwa ofiira.

"Eli, taona. Agogo onse a ku Korea amavala awa. Ukuganiza amama liwakwana?"

"Liwakwana," ndinatero.

"Tiye tipite konko."

"Upume kaye kunyumba. Wayenda masiku awiri."

"Zaka zitatu, Eli. Ndikapuma nditawaona."

Anaitana kagalimoto ka hayala kopita ku Vinthukutu, kumudzi kwawo. Ndinakhala pambali pake, jekete lili pamiyendo panga. Katatu konse ndinatsegula pakamwa kuti ndimuuze, ndipo katatu konse ndinangofunsa za chakudya cha m'ndege.

2

Ndibwerere kaye m'mbuyo kuti mumvetse.

Ambokile ankaphunzitsa mbiri ku sekondale pamene tinkakwatirana. Chaka chisanathe anapeza sikolashipu yopita ku South Korea kukachita digiri yachiwiri. Maphunziro ake anali okhudza anthu a kum'mawa kwa Asia: aKorea, aJapani ndi aTchaina, mbiri yawo, miyambo yawo ndi ndale zawo. Chaka choyamba chinali chophunzira chiyankhulo, zaka ziwiri zotsatira za digiriyo.

Kumudzi anthu sanamvetse. Udokotala akanamvetsa, uinjiniya akanamvetsa. Koma kukwera ndege kukaphunzira mmene anthu a eni amakhalira?

"Ndiye ukamaliza udzakhala Mtchaina?" anafunsa a Manase, alongo awo a apongozi anga, amene tonse tinkawatchula kuti asibweni, ndiko kuti amalume.

Apongozi anga, NyaMsowoya, anangoti, "Kaphunzire za anthu a eniwo, mwana wane. Koma usakaiwale njira ya kwanu."

Ambokile anali mwana yekhayo wotsala wa mayiwa, ndipo ankawakonda mopanda mankhwala. Bambo ake atamwalira, iye ali chaka chachitatu ku yunivesite, anabwera ku maliro n'kukhaliratu zaka ziwiri, akuti amama sangatsale okha. Anzake anamaliza iye akupalira chinangwa. Nkhani imeneyi ndinkaidziwa bwino, ndipo inkandiwopsa.

Atafika ku Korea anatseka Facebook, n'kutuluka m'gulu la abale la pa WhatsApp chifukwa anatopa ndi opempha mafoni ndi nsapato. Nambala yake yatsopano ndinali nayo ine ndekha. Lamlungu lililonse ndikaweruka kutchalitchi ndinkakwera njinga yamoto kupita ku Vinthukutu, n'kukwera pachulu chakuseri kwa khola pamene netiweki imagwira, kuti mayi ndi mwana acheze. Mlatho wa awiriwa ndinali ine.

Ambokile ankatifotokozera za kafukufuku wake ngati ifenso tikulemba mayeso. Ankafufuza za udindo wa mwana wamwamuna woyamba kwa makolo ake, ndi mmene mwambo umenewo unalowera mpaka m'malamulo ndi m'ndale za mayikowo.

"Amama, kuno kale kholo likamwalira, mwana ankasiya ngakhale ntchito ya boma n'kukalira zaka zitatu."

"Zaka zitatu?" apongozi anaseka. "Nanga m'munda ankalima ndani?"

Chakumayambiriro kwa chaka chachitatu anandiuza nkhani imene inandisowetsa tulo. Pulofesa wake analonjeza kuti akakhoza bwino adzamusunga kuti apitirize digiri yachitatu, ndipo ophunzira a digiri imeneyo amaloledwa kubwera ndi akazi awo. Sabata yomweyo ndinakafunsira pasipoti. Ndinayamba kuonera mafilimu a ku Korea, ndinkayeserera kudya mpunga ndi timitengo tiwiri nditatseka chitseko. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

3

Mu January apongozi anatupa miyendo, mpweya n'kumabanika. Tinawatengera kuchipatala ine ndi asibweni. Adokotala anandiitanira pakhonde n'kundiuza kuti mtima watopa kwambiri, ndipo ngati pali ana akutali ndi bwino kuwadziwitsa.

Nthawi imeneyo Ambokile anali atangoyamba kulemba pepala lake lomaliza, limene ankayenera kukaliteteza pamaso pa mapulofesa mu June. Ndinkamudziwa mwamuna wanga. Akanamva, akanakwera ndege ya mawa lake, ndipo akanafika ku Vinthukutu sakanabwereranso. Zaka zitatu za kusungulumwa kwanga zikanathera m'munda wa chinangwa.

Pali zimene zinachitika m'wodi muja zimene sindikuuzani pano. Mundipirire, ndifikapo.

Apongozi anagona m'chipatala sabata imodzi, n'kumwalira Loweruka m'mawa. Nkhani yomuuza Ambokile akuluakulu anaisiya m'manja mwanga, poti nambala ndinali nayo ndine. Tinawaika Lolemba m'manda a banja, kuseri kwa nthochi, mvula ikuwaza. Ndinalira kwambiri, ndipo misoziyo inali yeniyeni. Mayi aja ankandikonda. Ankandisungira mapapaya akupsa pansi pa bedi kuti ena asawaone.

Lamlungu lotsatira foni inalira ndili kunyumba ku Chilumba.

"Eli, uli pachulu? Ndipatse amama."

Ndinayang'ana khoma. Mawu anatuluka okha, osalala ngati ndinawakonzekera.

"Amama apita ku Nthalire. Ang'ono awo aja akudwala, akukawadwazika. Ukudziwa kuti kumapiri kuja netiweki kulibe."

"Abwera liti?"

"Mvula ikatha. Akuti usadandaule, ulimbikire sukulu."

Anadandaula pang'ono, kenako anayamba kundiuza za chipale chofewa chimene chinagwa usiku wonse kwawoko. Nditadula foni ndinadziuza kuti si ine woyamba. Kwathu kuno mwana akamalemba mayeso a fomu folo, maliro amamubisira mpaka atamaliza. Ndinati ndikuchita zomwezo, ndipo June sali patali.

4

Mnzanga Rukia, wa ku Mangochi, amagulitsa zitenje ndi mayunitsi pafupi ndi sukulu yathu. Ndi yekhayo amene ndinamuululira.

Anasiya kupinda chitenje n'kundiyang'ana. "Madamu, mwapenga? Mwana wa fomu folo amamubisira masiku atatu, osati theka la chaka. Ndipo amabisa ndi akuluakulu atakhala pansi, osati mkazi yekha."

"Ndikumuteteza."

"Mukumuteteza iyeyo kapena pasipoti?"

Ndinamuyankha mwachipongwe, n'kutha milungu iwiri ndikugula mayunitsi kwina. Choonadi chimawawa kwambiri chikachokera kwa munthu wokukonda.

Kumayambiriro kwa February, Ambokile ananditumizira vidiyo. Kwawoko chinali chaka chatsopano chawo chimene amawerengera mwezi, ndipo pulofesa anaitanira ophunzira akunja kunyumba kwake kuti akaone mwambo ndi maso, osati m'mabuku mokha. Pa tsikulo ana amagwadira makolo mpaka chipumi kugunda pansi, makolowo n'kuwadalitsa.

Mu vidiyomo anali atavala zovala za kumeneko, zabuluu, zamanja akuluakulu, zobwereka. Ankaoneka ngati m'busa wa mpingo wachilendo.

"Amama," anatero akuyang'ana kamera, "kuno lero ana onse akugwadira amayi awo. Ine ndagwadira amayi a pulofesa, ndiye mtima wandipweteka. Uku ndi kwanu."

Anaika manja pamodzi, anagwada pang'onopang'ono, chipumi mpaka pansi. Anakhala choncho kanthawi, kenako anadzuka akumwetulira.

"Mwaona? Koma ndi kamodzi kokha. Kwa amoyo timagwada kamodzi, kawiri ndi kwa akufa. Mnzanga wa ku Ghana walakwitsa, wagwadira agogo a pano kawiri, nyumba yonse inangoti zii! Ndiye inu kamodzi, amama, mukhale zaka zambiri. Eli, upeze njira uwatumizire."

Ndinaionera nditakhala pa mpando wa m'kalasi nthawi ya buleki, ana akusewera panja. Apongozi anali atatha milungu itatu m'nthaka. Apa ndi pamene ndinayenera kuimba foni n'kunena zonse. Chala changa chinafika pa nambala yake.

M'malo mwake ndinadikira masiku anayi, n'kumulembera kuti ndapeza mphunzitsi wina wopita ku Nthalire amene wakawaonetsa. Anafunsa kuti ati chiyani. Ndinamuyankha.

Kuyambira pamenepo bodza linandizolowera. Ndinkadziwa kayankhulidwe ka apongozi, ndiye mwezi uliwonse ndinkamupangira moni wawo: akuti uzivala zofunda, akuti usadye agalu. Iye ankaseka. Mu June anateteza pepala lake n'kukhoza bwino kwambiri. Ndinati ndimuuza usiku womwewo, koma anali wokondwa, ndinati mawa. Mawa linabala mawa linzake. Atagula tikiti yobwera kutchuthi ndinati ndikamuuzira pa bwalo la ndege, kenako ndinati pa Uliwa. Ndinafika pomuuza kuti amama abwerako ku Nthalire, akumudikira. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

5

Kagalimoto kanatisiya pamsewu wafumbi, tinayenda pansi kamtunda kotsalako. Ambokile anali patsogolo, jekete lili pamkono, akuyenda ngati mwana wotsekera sukulu.

Anayamba kuchepetsa liwiro ataona bwalo. Udzu unali utamera mpaka pakhonde. Pachitseko panali loko.

Kwathu munthu amene sanakhale nawo pa maliro akamafika, amayi amamulandira ndi kulira akadali patali. Tsikulo palibe analira. Amayi awiri amene ankasenda chinangwa pa nyumba yoyandikana anatiyang'ana, n'kutembenuza misana.

Asibweni a Manase anali pansi pa mtengo wa mango akukonza mpini wa khasu. Ambokile anathamangira komweko, anagwada n'kutambasula manja awiri.

"Asibweni, ndafika!"

A Manase sanalandire dzanjalo. Anapitiriza kusema mpini.

"Mwafika, a pulofesa. Mayeso aja atha?"

"Atha, asibweni. Amama ali kuti? Bwanji nyumba ili yokhoma?"

Mkuluyo anaika mpeni pansi. "Ukundiseka, Ambokile? Pa ukalamba wanga uno?"

"Sindikumvetsa."

"Si iwe unati tiike popanda iwe? Si iwe unati sukulu siingaime chifukwa cha maliro, wakufa wafa basi? Mlongo wanga tinamuika ngati munthu wosabereka. Dothi loyamba linaponyedwa ndi ine, mwana wake ali moyo. Lero wabwera ndi kajekete?"

Ambokile anatsala chogwada. Anatembenuza mutu pang'onopang'ono n'kundiyang'ana. Sanali wokwiya. Ankandiyang'ana ngati munthu wofunsa njira.

"Eli, asibweni akunena chiyani?"

Owerenga, ili ndi bodza lachiwiri limene ndinakubisirani. Tsiku la imfa asibweni anafuna kuti thupi lidikire m'nyumba ya chisoni mpaka mwana atafika. Anandituma kuti ndimuimbire. Ndinapita kuseri kwa wodi, ndinaika foni kukhutu osaimba, ndinawerenga mpaka handiredi, n'kubwerera kukawauza kuti Ambokile wakana. Mawu aja akuti wakufa wafa basi ndinawapeka ine, kuti asaumirire. Ndi chifukwa chake m'bale aliyense sanamufunefune miyezi yonseyo. Pa maliro anthu ankandimvera chisoni kuti ndinakwatiwa ndi munthu wouma mtima, ndipo ine ndinkalandira chisoni chawocho nditaweramitsa mutu.

"Amama anamwalira," ndinatero. "Mu January."

Jekete linagwera pafumbi. Kulira kumene analira mwamuna wanga sindinakumvepo kwa munthu wamkulu. Amayi aja anataya mipeni n'kuthamangira kwa iye, ndipo maliro anayambiranso pamenepo.

6

Patapita masiku awiri akuluakulu anatiitana pabwalo la asibweni. Achimwene anga anabwera kuchokera ku Sangilo kudzakhala kumbali yanga. Ndinakhala pamphasa, miyendo yowongola, maso pansi. Ambokile anali asanandiyankhule chifikireni.

Ndinadziteteza mmene ndimadziwira, ndipo pakamwa ndili napo. Ndinakumbutsa anthu za zaka ziwiri zimene anataya bambo ake atamwalira. Ndinati ndinkaopa kuti ataya sukulu. Ndinati kubisira wophunzira maliro si mwambo woyamba ndi ine.

Asibweni anagwedeza mutu. "Mkamwana, kubisa timabisa nadi. Koma mutu umodzi susenza denga. Ukanabwera kwa ine, tikanakhala pansi, mwina tikanabisa tonse. Iwe unabisa wekha, n'kumupaka mwana wathu matope. Ine ndamutemberera mphwanga miyezi isanu ndi umodzi, wosalakwa."

Amayi ena anayamba kundipepesera. Anati ndi chibwana, anati chinali chikondi chopusa koma chikondi ndithu. Ndinaona mapewa a Ambokile akutsika. Anakweza maso n'kundiyang'ana koyamba, ndipo ndinadziwa kuti ukwati wanga ukhoza kupulumuka.

"Eli," anatero motsitsa, "ndiuze chimodzi. Anavutika? Ananditchula?"

"Anapita mwamtendere," ndinayankha msanga. "Sankatha kuyankhula."

Asibweni anadzuka pampando.

"Sankatha kuyankhula? Nanga mawu aja anajambula pa foni yako Lachiwiri lija? Ine ndinali pakhomo la wodi. Mlongo wanga anandiuza yekha kuti, 'Ndamutumizira mawu mwana wanga, abwera.' Masiku onse otsalawo ankayang'ana kukhomo. Chimene chinatipweteka ife n'chimenecho, kuti mwana wamva mawu a mayi ake n'kukana."

Achimwene anga anagwira kumutu.

"Foni ili kuti?" anafunsa Ambokile.

Ndikanatha kunena kuti ndinafufuta. Koma sindinafufute. Miyezi yonseyo ndinalephera kuwatumiza, ndinalepheranso kuwafufuta. Ndinatulutsa foni m'chikwama n'kumupatsa.

Mawu a apongozi anamveka pabwalo ponse, ofooka, akupumira m'mwamba. Anayamba m'Chitumbuka. "Ambokile, mwana wane, ndine nyoko. Zanga nikuwone." Ndine mayi ako, bwera ndikuone. Anapuma, kenako anapitiriza. Anati sakumuuza kuti asiye sukulu, ayi, angobwera amuone nkhope, akatero abwerere akamalize. Anati nthawi ino asadzakhale kumudzi ngati kale lija, iwo sakufuna. Pomaliza anati, "Eliness wandisamala bwino, mwana uyu. Umusunge."

Uthengawo unali wosakwana mphindi imodzi.

Ambokile anayang'ana tsiku limene unajambulidwa. Lachiwiri. Amayi ake anamwalira Loweruka. Kuchoka ku Korea kufika ku Karonga ndi masiku awiri.

Kenako anatulutsa foni yake n'kuyamba kubwerera m'mbuyo m'macheza athu, mwezi ndi mwezi, mpaka anafika pa Lachiwiri lomwelo. Ndinkadziwa chimene akachipeze. Pasipoti yanga inatuluka sabata imeneyo, mnzanga anandibweretsera kuchipatala komweko. Masana a tsiku limene amayi ake ankamuitana, ine ndinamutumizira chithunzi cha pasipotiyo, pansi pake nditalemba kuti, "Korea, ndikubwera!"

Anandionetsa chithunzicho. Kenako anandibwezera foni yanga ndi manja awiri, mwaulemu, ngati mmene anachitira ndi kondakitala uja.

7

M'mawa mwake asibweni anamutenga kukamuonetsa manda. Ine sanandiitane. Ndinawatsatira chapatali n'kuima pakati pa nthochi.

Mtumbira unali utatitimira ndi mvula. Asibweni anapemphera, anapepesa kwa mphwawo chifukwa cha matemberero aja, kenako anasuntha pang'ono kumusiya yekha. Ambokile anazula udzu wonse ndi manja. Anatenga jekete lija, atalikuntha fumbi, n'kuliyala pamtumbira mosamala, ngati akufunditsa munthu wogona.

Anavula nsapato. Anaima chilili, anaika manja pamodzi monga mu vidiyo muja, anagwada mpaka chipumi chinagunda dothi. Anakhala choncho nthawi yaitali, msana ukugwedezeka.

Anadzuka. Ndinadikira kuti agwadenso. Sanagwade. Anavala nsapato n'kuyamba kubwerera.

Njira inali imodzi, anayenera kudutsa pamene ndinaima. Sindikudziwa chimene chinandiyankhulitsa. Mwina ndinkangofuna kuti andiuze chilichonse, ngakhale chitukwano.

"Ambo, suja unati kwa akufa ndi kawiri?"

Anaima, chipumi chili ndi dothi.

"Koyamba ndinagwada kale," anatero. "Mu February. Inu ndi amene munali mboni."

Chikwatiraneni anali asananditchulepo kuti inu. Ndinagwada pamenepo, ndinagwira mwendo wa buluku lake, ndinalira, ndinati ndinachita chifukwa cha ife awiri.

"Ndatha zaka zitatu ndikulemba za ana amene amathamangira kwa makolo awo akamamwalira," anatero. "Mapulofesa anandiombera m'manja. Amayi anga ankayang'ana kukhomo. Eliness, ndikanabwera n'kubwerera. Anandiuza okha kuti ndibwerere. Mukanangotumiza, bwenzi lero tili ndi zonse."

Anachotsa dzanja langa pang'onopang'ono, n'kutsatira asibweni.

8

Anakhala kumudzi mwezi umodzi. Anakonza denga la nyumba ya amayi ake, anaika mwala pamanda. Akuluakulu a mbali zonse anayesa kutiyanjanitsa kawiri. Kachiwiriko Ambokile ananena mawu ochepa: amama anati andisunge, ndipo sadzandichitira choipa chilichonse, koma sangathenso kumva mawu ochokera pakamwa panga osadzifunsa ngati ndi oona. Akuluakulu anasiyira pomwepo.

Kumapeto kwa August anabwerera ku Korea kukayamba digiri yachitatu ija. Nyumba ya ophunzira apabanja sanaitenge. Ukwati wathu unatha chaka chotsatira, popanda phokoso. Ndimamva kwa Rukia, amene amamva kwa ena, kuti tsopano amaimbira asibweni Lamlungu lililonse, ndipo anawagulira foni yawoyawo kuti pasakhalenso wodutsira.

Pasipoti ili m'sutikesi, pansi pa zitenje. Masamba ake onse ndi oyera.

Owerenga anzanga, sindinalembe izi kuti mundimvere chisoni. Chisoni chosandiyenera ndinalandira kale chokwanira pa maliro paja. Ndalemba chifukwa masiku ano nyumba zambiri zili ndi mwana kunja, ndipo m'nyumba iliyonse muli munthu mmodzi amene amagwira foni. Ngati munthuyo ndinu, dziwani kuti mwagwira chinthu cha eni. Uthenga wa munthu wodwala si wanu woti muupime kulemera, ntchito yanu ndi kuufikitsa. Ine ndinaganiza kuti ndikumudziwa mwamuna wanga kuposa mmene amadzidziwira, ndinamusankhira chochita, ndipo chimene ndinkaopacho apongozi anali atachikonza kale m'mawu omwe ndinawatsekera m'foni. Ndikanafunsa munthu mmodzi yekha wamkulu. Safunsa anadya phula.

Ndipo mukamati mukubisa chifukwa cha chikondi, yambani mwafufuza m'chikwama mwanu. Mwina muli pasipoti.

Ambokile ndimamukondabe, ndipo zimandipweteka tsiku lililonse. Mawu a apongozi anawatenga, ndinamutumizira tsiku la bwalo lomwelo, mochedwa ndi miyezi isanu ndi umodzi. Koma vidiyo ija ndikadali nayo. Nthawi zina ana akatuluka kupita ku buleki ndimaitsegula. Amagwada kamodzi, amadzuka akumwetulira, amati, "Mwaona?"

Pansi pake pali funso lake lakuti amama ati chiyani, ndipo pansi pa funsolo pali yankho langa, limene silifufutika ngakhale nditseke maso: "Aseka mpaka misozi. Akuti ubwere msanga udzawagwadire pamaso."